Mseu Woongoka Ngati Mpope wa Mfuti

Madzulo ano ndifuna kuti ticoke kuno kwathu, tioloke nyanja yaikulu ya India kunka kum'mawa, tikafike ku dziko la Australia, tikaone mseu umodzi wa pfumbi umene uli pakati peni peni pa cipululu ca dzikolo. Tonsefe tidziwa cifukwa cace anthu amalima mseu. Mseu umacokera pamene pali anthu, nupita pamene pali anthu ena: ku msika, ku boma, ku cipatala kapena ku mgodi. Koma mseu umene ndirikunenawu sunalimidwe cifukwa ca msika kapena mgodi ai. Amene analamulira nchitoyo sanali kufuna kufika kwa munthu ali yense. Iwo anasankha dzikolo poyesa kuti mulibe anthu. Unalimidwa cifukwa ca mabomba ndi maroketi. Koma anthu analimo ndithu, ndipo cifukwa ca ici mbiri ya mseuwu iri ndi mbali ziwiri.

Dzina lace ndi Gunbarrel Highway. Mau oyambawo atanthauza mpope wa mfuti, citsulo cija cobooka m'mene cipolopolo cimadzera, pakuti mwini nchitoyo anafuna kuti miseu yace ikhale yoongoka comweco. Mau aciwiriwo m'Cingelezi amanena mseu waukulu wa magalimoto ambiri. Apa pokha pali coseketsa, cifukwa m'malo ambiri mseuwu uli tinjira tiwiri cabe ta matayala, udzu uli pakati. Utali wace ndi makilomita ngati 1,350, kuyambira pa famu ya ng'ombe yochedwa Victory Downs kum'mawa, kufikira pa famu yina yochedwa Carnegie kumadzulo. Kuti mumvetse bwino, ganizani ulendo wocokera ku Chipata, kupyola pa Lusaka, kukafika ku Mongu. Pamene inu mufika ku Mongu, mseu wa ku Australia ukali usanathe. Tsono cotsani m'maganizo mwanu matauni onse a pa njirayo, misika yonse ndi mitsinje yonse, Luangwa ndi Kafue yemwe. Cimene catsalaco ndico cifaniziro ca Gunbarrel pamene unali watsopano.

Dziko lace ndi lofiira ngati katondo. Kwina kuli mapiri a miyala, kwina zidikha za timiyala tating'ono, ndipo kwina kuli zitunda za mcenga zimene zandandalikana ngati mizere ya m'munda, koma mzere umodzi ukhoza kupita makilomita ambiri osaduka. Mitsinje yace ndi ya mcenga wokhawokha, imayenda madzi masiku owerengeka pamene mvula yagwa, ndipo nyanja zace zambiri ndi za mcere wouma. Pa malo ochedwa Giles, pafupi ndi pakati pa mseuwu, mvula ya caka conse sifika mamilimita 300. Kuno ku Kitwe ndi ku Ndola timalandira yoposa imeneyo kanai. M'miyezi ya Disembala ndi Januwale kutentha kumapitirira madigiri 40 kawiri kawiri. Udzu umene wabisa nthaka umachedwa spinifex. Umamera m'zitsamba zozungulira, ndipo nsonga zace zimalasa ngati singano. Palinso kamtengo kolimba kochedwa mulga, kamene zitsa zace zimaboola tayala ngati msomali.

Koma dziko loopsali linali mudzi wa anthu. Eni ace ndi anthu akuda a ku Australia, amene Azungu anawacha Aborigines, ndipo m'dera la mseuwu muli mitundu monga Pitjantjatjara ndi Ngaanyatjarra, ndi Pintupi cakumpoto. Makolo ao anakhala m'menemo zaka zikwi zambiri. Sanali kulima kapena kuweta ng'ombe. Anali kuyenda m'mabanja ang'ono ang'ono, kusaka nyama ndi kufuna mbeu za kuchire, ndipo cuma cao cacikulu cinali kudziwa kumene kuli madzi. Anadziwa dzenje liri lonse la m'thanthwe limene limasunga madzi a mvula, ndi malo ali onse pamene munthu akafukula mcenga madzi amatuluka. Nzeru imeneyi anaisunga m'nyimbo ndi m'nthano za makolo, kotero kuti mwana wophunzira nyimbo ya mtundu wace anali kuphunziranso njira yocokera pa citsime cimodzi kunka pa cinzace. Malo ambiri a madziwo anali opatulika, monga momwe ife ticitira ulemu ku manda a mafumu ndi ku malo a nsembe.

Mzungu wosadziwa nyimbozo anali pa tsoka. M'caka ca 1874 munthu wina woyendera maiko, dzina lace Ernest Giles, anayesa kudutsa cipululuci pa akavalo kunka kumadzulo, ali ndi mnzace Alfred Gibson. Atafika kutali kopanda madzi, kavalo wa Gibson anafa. Giles anampatsa kavalo wace ndi kampasi yace, namuuza kuti abwerere msanga ku msasa akatenge thandizo. Iye mwini anatsata pambuyo pansi, atasenza kamgolo ka madzi kumsana. Patapita masiku Giles anafika ku msasa ali pafupi kufa, koma Gibson sanafike, ndipo mtembo wace sunaoneke kufikira lero. Cipululu cimene mbali ya kumadzulo ya mseu wathu imadutsa cimachedwa Gibson Desert cifukwa ca iyeyo. Kwa zaka makumi asanu ndi atatu zotsatira, Azungu amene analowamo anali owerengeka: ofuna golide, oyendera dziko, ndi amishoni amene anamanga pa Warburton m'zaka za m'ma 1930.

Cimene cinasintha zinthu ndi nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Mu 1944 Ajeremani anayamba kuponya pa mzinda wa London maroketi ochedwa V-2, zida zouluka zokha zopanda munthu m'kati, zothamanga kotero kuti panalibe cozichinga. Nkhondo itatha, Boma la Britain linafuna kupanga zace, koma dziko lao ndi laling'ono ndi lodzala anthu. Roketi ikasocera ingagwere pa mudzi. Cotero anapangana ndi Boma la Australia, ndipo mu 1947 anayamba kumanga malo oyesera maroketi ku South Australia. Malowo anawacha Woomera, ndilo dzina la kamtengo kamene eni dziko amaponyera nako mkondo kuti upite patali. Kucokera pamenepo anajambula mzere pa mapu, wopita kumpoto cakumadzulo, wodutsa cipululu conse kufikira ku nyanja. Maroketi anali oti adziuluka motsata mzerewo.

Pambuyo pa maroketi panabwera mabomba a atomu. Awiri anaphulitsidwa pa Emu Field mu Okutobala 1953, ndipo ena asanu ndi awiri pa Maralinga mu 1956 ndi 1957. Apa ndi pamene mseu unafunika, ndipo inu a m'migodi mudzamva msanga cifukwa cace. Pamene mwaphulitsa mwala pansi pa mgodi, palibe munthu amalowa kufikira utsi utacoka, ndipo kapitao ayenera kudziwa kumene mpweya ulikupita. Bomba la atomu nalonso liri ndi utsi wace, koma ndi pfumbi lakupha limene limakwera kumwamba kweni kweni, niliyenda ndi mphepo makilomita mazana ambiri lisanagwe. Asanaphulitse, akatswiri anayenera kudziwa m'mene mphepo ya kumwamba idzaombera mawa ndi mkuca, kuti pfumbilo lisakagwere pa mizinda. Ku cigawo cimeneco nyengo imakonda kucokera kumadzulo. Cotero panafunika nyumba yoyezera nyengo kutali m'cipululu, kumpoto cakumadzulo kwa Maralinga, kumene anthu adzaulutsa zibaluni tsiku ndi tsiku ndi kutumiza mau pa wailesi. Nyumba yotere ifuna simenti, mafuta ndi cakudya, ndipo zonsezi zifuna mseu. Panalinso zifukwa zina ziwiri: kuika makina oyang'ana maroketi m'mbali mwa mzere uja, ndi kutsegulira njira opima dziko, pakuti mapu a pakati pa Australia anali ndi malo akulu osalembedwa kanthu.

Nchitoyi inapatsidwa kwa Len Beadell, wopima dziko, wobadwa mu 1923 pafupi ndi Sydney. Pa nkhondo anali wopima malo m'gulu la asilikari ku New Guinea, ndipo ndi iye yemweyo amene anapima Woomera, napezanso malo a Emu ndi a Maralinga. Mu Novembala 1955 anayamba kulambula mseu pa Victory Downs ndi kagulu ka anthu osafika khumi. Zida zao zinali katapila mmodzi, gireda mmodzi, malole a mafuta, madzi ndi cakudya, ndi galimoto ya Land Rover ya Beadell mwini. Woyendetsa katapila anali Doug Stoneham, wa gireda anali Scotty Boord, ndipo wophika anali Paul Christensen. Ndawachula maina dala, cifukwa kawiri kawiri pa nchito zotere dzina la bwana lokha ndilo limatsala.

Macitidwe ao anali otere. Beadell anali kutsogola yekha pa Land Rover, nthawi zina masiku angapo, kuthyola chire kumene galimoto siinapitepo ndi kale lonse, kufuna mpata pakati pa mapiri ndi zitunda za mcenga. Matayala anali kuphulika kangapo pa tsiku, ndipo madzulo ali onse anali kukhala pansi kumata macubu. Akapeza podzera, anali kubwerera kwa anzace. M'mawa anali kupita patsogolo pang'ono, nakwera pamwamba pa galimoto yace, natenga kalirole, nawalitsa dzuwa kuloza kwa woyendetsa katapila. Uyo nchito yace inali imodzi: kulunjika pa kuwalako, ndi kugwetsa ciri conse cimene ciri pakati. Pamene citunda cabisa kalirole, Beadell anali kuombera moto wowala kumwamba. Pambuyo pa katapila panali kudza gireda kusalaza, ndipo potsiriza peni peni panali munthu wotola zitsa ndi mizu yotsala, kuti isaboole matayala a malole. Ndiko kuongoka kwace kwa mseu: kuwala kwa dzuwa sikukhota. Komabe mcenga suumvera munthu, ndipo m'dera la zitunda mseu wochedwa mpope wa mfuti umapinda pinda ngati njoka.

Nanga munthu adziwa bwanji pamene ali, m'dziko lopanda mapu, lopanda mudzi wofunsako njira? Masiku ano foni ya m'thumba imanena zimenezi, koma nthawi imeneyo kunalibe. Beadell anali kufunsa nyenyezi, zomwezo zimene ife tiona kuno usiku, popeza maiko athu onse awiri ali kumwera kwa dziko lapansi. Inu a pansi pa mgodi mudziwa makina aja a miyendo itatu amene opima amasuzumiramo. Iye anali ndi otero. Usiku anali kuwaimika pa mcenga, napima kukwera kwa nyenyezi yodziwika pamwamba pa malekezero a thambo. Mwa ici anadziwa kutalika kwace kumwera. Kudziwa za kum'mawa ndi kumadzulo ndiko kobvuta, cifukwa kufuna nthawi yeni yeni. Dziko lapansi limazungulira madigiri 15 pa ora liri lonse, ndiye kuti digiri imodzi pa mphindi zinai. Munthu akadziwa nthawi imene nyenyezi yakuti imafika pamalo pakuti ku Greenwich, ku England, naona nthawi imene yafika pomwepo pamene iye waima, kusiyana kwa nthawi ziwirizo kumamuuza mtunda. Koma wochi ikalakwa ndi sekondi imodzi yokha, m'dera limenelo munthu waphonya ndi mamita oposa 400. Cotero Beadell anali kuchera khutu ku wailesi, kumvera kulira kuja kwa nthawi kumene nyumba za mphepo zimatumiza, ndi kulinganiza wochi yace. Atatero anali kukhala pa nyali ndi pensulo, kuwerengera masamu kufikira usiku waukulu. Inu amene mumakonza mawochi anu pomva wailesi ino, dziwani kuti mulikucita cimene cinaongola mseu wa m'cipululu.

Malo akadziwika, anali kusindikiza manambala ace ndi nyundo pa kacitsulo ka aluminiyamu, pamodzi ndi tsiku ndi mitunda yofika ku malo ena, nakakhomera pa mtengo kapena pa mgolo wopanda mafuta. Anaphunziranso kuzula mano asanapite kuchire, pakuti dzino likabvuta munthu kumeneko, dokotala ali ulendo wa masiku ambiri. Ndipo anzace angapo anabwerako ndi mipata m'kamwa.

Kuciyambi kwa 1956 anafika pa mapiri a Rawlinson, pafupi ndi pamene Giles ndi Gibson anamanga msasa wao kale lija, ndipo nyumba yoyezera nyengo inamangidwa caka comweco, niichedwa Giles. Pambuyo pace kaguluko kanatumidwa ku nchito zina, ndipo mbali ya kumadzulo inalimidwa mu 1958, kudzera kufupi ndi mishoni ya Warburton, kudutsa cipululu ca Gibson, kufikira pa Carnegie mu Novembala wa cakaco. Umenewu unali mseu woyamba kudutsa pakati pa Australia kucokera kum'mawa kunka kumadzulo. Anthu omwewa anapitiriza kulima miseu yina kufikira 1963, yonse pamodzi makilomita oposa 6,000, ndipo Beadell anaicha maina a mkazi wace ndi ana ace: Anne Beadell, Connie Sue, Gary. Pa umodzi wa miseu imeneyi, mu 1960, lole ya cakudya inagwira moto niipsa yonse. Poona kuti thanki ya madzi ya pa loleyo irikuwira, anaiboola ndi mfuti, natunga madziwo, naphika tiyi. Nkhani zotere Beadell anazilemba m'mabuku ace mosangalatsa, ndipo ndizo zimene anthu ambiri a ku Australia amadziwa za miseu imeneyi.

Tsopano titembenukire ku mbali yina. Ganizani mai ali ndi mwana kumbuyo, amene sanaonepo galimoto cibadwire, alikumva kubangula kumene sikuli kwa bingu, naona mitengo irikugwa yokha ndi pfumbi lirikukwera. Ambiri anathawa nabisala. Ena pambuyo pace anapeza cinjira cacikulu cimene dzulo panalibe, ciri ndi mapazi acilendo, cadutsa pakati pa dziko la makolo ao. Palibe amene anawafunsa. Ndipo popeza Mzungu nayenso amamva ludzu, nyumba ya Giles inamangidwa m'dera la madzi, m'kati mwa dziko limene Boma lomwelo linali litapatulira eni dziko.

Boma linali litaika munthu mmodzi, Walter MacDougall, kuti adziyendera eni dziko ndi kuwacenjeza za maroketi ndi mabomba. Munthu mmodzi, ndi galimoto imodzi, m'dera lalikulu ngati dziko lathunthu! Waciwiri anamuonjezera mu 1956. MacDougall anali wodziwa anthuwo, ndipo anakana kolimba za nyumba ya Giles ndi mseu wace, nanena kuti zidzakoka anthu kucoka ku zitsime zao ndi kuononga makhalidwe ao. Mkulu wa akatswiri a sayansi a Boma, Alan Butement, anamdzudzula kuti alikuika nkhani za anthu akuda owerengeka pamwamba pa zofuna za maiko onse a pansi pa Britain. Mau amenewa ife a kuno sitifuna wotimasulira. Makolo athu anamva ofanana nao pamene malo ao anafunika kwa ena.

Kuti munthu mmodzi kapena awiri sakanatha kucenjeza onse, cinaoneka poyera mu Meyi 1957. Ku Maralinga, kumwera kwa mseu wathu, asilikari anapeza banja la anthu anai, bambo, mai ndi ana awiri, litagona pafupi ndi dzenje limene bomba linakumba miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Iwo anali kungoyenda njira ya makolo ao, ndipo zikwangwani zoletsa zinali m'Cingelezi. Anawasambitsa, nawakweza pa galimoto kunka ku mishoni ya Yalata, ndipo agalu ao anaomberedwa. Zaka zambiri zinapita nkhaniyi isanamveke bwino. Bwalo lofufuza limene Boma la Australia linakhazika mu 1984 ndi 1985, lotsogozedwa ndi woweruza James McClelland, linapeza kuti citetezo ca eni dziko cinali cosakwanira konse.

Cakumadzulo, ku Warburton, kunali njala m'zaka zomwezo. Phungu wina wa nyumba ya malamulo ya Western Australia, William Grayden, anapitako mu 1956, ndipo mu 1957 anabwereranso ndi mbusa wacikuda Doug Nicholls, najambula kanema wa anthu oonda ndi ana odwala maso. Ena anatsutsa kuti akulitsa nkhani, koma kanemayo anaonetsedwa m'machalichi ndi m'nyumba za misonkhano m'mizinda, ndipo Azungu ambiri anacita manyazi. Mkangano umenewu unathandiza kuutsa gulu limene linapambana mu 1967, pamene anthu oposa 90 pa 100 ali onse anabvomereza pa voti kuti eni dziko adziwerengedwa pamodzi ndi anthu ena onse a m'dzikomo, ndi kuti Boma lalikulu likhale ndi mphamvu yopanga malamulo okhudza iwo.

Kodi tsono Beadell timuyese munthu woipa? Ine sinditero. Anali wa nchito waluso ndi wolimba mtima, ndipo amene analamulira za mabomba anali ena, okhala m'maofesi ku London ndi ku Canberra. Koma sindingabvomere dzina limene ena amampatsa, lakuti anatsegula dziko lopanda anthu, pakuti zitsime zimene anapezazo zinali ndi maina kale. Ndipo mseu ukalimidwa, sufunsanso mwini wace cimene udzanyamula. Pa miseu imeneyi panadzera magalimoto a Boma amene anatenga mabanja a m'cipululu kunka nao ku mamishoni ndi ku midzi ya Boma monga Papunya, umene unatsegulidwa mu 1959. Si onse anatengedwa mokakamiza. Ena anakwera okha cifukwa ca cilala, ena potsata abale ao amene anatsogola. Koma kumeneko anaunjikana ndi mitundu yacilendo, nadya zakudya zosazolowera, ndipo ambiri anafa ndi matenda amene matupi ao sanawadziwe.

Cimene akulu a maroketi sanaciganize ndi ici: mseu uli ndi mbali yopita ndi yobwerera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, anthu aja anayamba kugula magalimoto akale, nabwerera kwao pa miseu yomweyo ya Beadell. Anakumba zitsime za mijigo namanga midzi: Warakurna pafupi ndi Giles, Kintore mu 1981, ndi Kiwirrkurra patapita zaka zowerengeka. Ku Kiwirrkurra komweko, mu 1984, kunatulukira anthu asanu ndi anai a mtundu wa Pintupi amene anali asanakhalepo pakati pa Azungu. Anakomana ndi abale ao amene anasiyana nao zaka makumi awiri zapitazo. Malamulo naonso anasintha. Mu 1981 a Pitjantjatjara analandira dziko lao mwa lamulo la South Australia, ndipo mu 2005 bwalo la milandu linabvomereza kuti a Ngaanyatjarra ndiwo eni dziko lalikulu limene mseuwu umadutsa ku Western Australia. Cotero lero mlendo wofuna kuyenda m'madera amenewo ayenera kuyamba wapempha cilolezo colembedwa ku mabungwe a eni dziko, ndipo mbali zina saloledwa konse. Akulu akulu amene mukumbukira masiku a citupa, pamene munthu wakuda sanali kuyenda m'tauni wopanda pepala, mudzamva kukoma kwace kwa nkhani imeneyi.

Nanga mseuwo uli bwanji masiku ano? Magalimoto ambiri amadzera mseu wina watsopano wochedwa Great Central Road, umene Boma lirikuthira phula pang'ono pang'ono. Mbali ya Gunbarrel ya pakati pa Giles ndi Warburton inasiyidwa, ndipo chire lirikuitenganso. Mbali imene alendo amakonda ndi ya kumadzulo. Ambiri amayambira pa Wiluna, tauni ya golide imene m'zaka za m'ma 1930 inali ndi anthu ngati 9,000, koma mgodi waukulu utatsekedwa inatsala pafupi kukhala bwinja. Ili ndi phunziro limene tauni iri yonse ya mgodi iridziwa. Kucokera pa Carnegie kufikira ku Warburton pali makilomita pafupi 500 opanda pogula mafuta, ngati kucoka ku Lusaka kufika ku Livingstone. Anthu amapita m'miyezi yozizira, magalimoto awiri kapena atatu pamodzi, atasenza migolo ya madzi ndi mafuta, matayala apadera ndi wailesi kapena foni ya satelaiti. Lamulo lao lalikulu ndi lakuti galimoto ikafa, usaisiye. Ofunafuna ali m'ndege amaona galimoto, koma munthu woyenda pansi samuona.

Mdani woyamba pa njirayi ndi mizere ija yopingasa imene imacititsa mseu kuoneka ngati lata. Madalaivala athu amene ananyamula mafuta kucokera ku Dar es Salaam mu 1966, pamene njira ya kumwera inatsekeka, anaidziwa bwino pa mseu wa kumpoto usanathiridwe phula. Ambiri amayesa kuti imadza ndi mvula, kapena kuti gireda ndiye amaisiya, koma si tero. Tayala likagunda kabampu kakang'ono limadumpha pang'ono, ndipo pogwa limakankha dothi louma patsogolo, nilipanga kabampu kena. Galimoto yotsatira imadumpha pomwepo, niikuza mizereyo ndi kuionjezera. Katswiri wina wa ku Australia, Keith Mather, anaonetsa ici mu 1963 pozunguza gudumu pa mcenga wosalala: likamayenda pang'ono pang'ono mcenga unali kukhala wosalala, koma likathamanga mizere inali kubadwa yokha. Pa Gunbarrel, pamene gireda safika kawiri kawiri, mizereyi imamasula mabauti ndi kuthyola zitsulo za pansi pa galimoto.

Mdani waciwiri ndi udzu uja wa spinifex. Mbeu zace zimatseka redieta kufikira injini itawira, ndipo mapesi ace, amene ali ndi utomoni, amaunjikana pansi pa galimoto pafupi ndi paipi ya utsi. Dalaivala wosaima kawiri kawiri kuti awakokemo ndi kawaya amangoona moto uli kale pansi pace, ndipo m'mbali mwa miseu ya m'cipululu muli mafupa a magalimoto amene anapsa motero. Kulinso ngamila zakuchire. Makolo a ngamilazi anabwera nazo pa zombo kucokera ku India ndi maiko oyandikana nalo m'zaka za m'ma 1800 kuti zidzinyamula katundu. Malole atafika, eni ace anazimasula, ndipo zinaswana kotero kuti tsopano zimaononga zitsime zomwe zija za eni dziko.

Len Beadell anamwalira mu 1995. Pa phiri lina laling'ono m'mbali mwa mseu, lochedwa Mount Beadell, anaimikapo cifaniziro ca makina ace opimira. Tizitsulo tace tambiri ta aluminiyamu tinabedwa ndi alendo ofuna cikumbutso, ndipo timene mupeza pa mitengo lero tambiri ndi tongofanizira, toikidwa pambuyo pace. Gireda uja anapuma nchito mu 1963, naimikidwa pa Giles m'kati mwa khola la zitsulo, kumene alendo amamjambula zithunzi. Makilomita owerengeka kucokera pamenepo pali mudzi wa Warakurna, kumene amai ndi abambo a Ngaanyatjarra amajambula zithunzi za utoto zogulitsa. Zina mwa zithunzi zao zinatengedwa kukasungidwa ku nyumba yaikulu ya zinthu zakale ku Canberra, ndipo pakati pa izo pali zoonetsa nyumba ya nyengo ya Giles ndi kulambulidwa kwa mseu m'dziko lao, monga momwe iwo ndi makolo ao anazionera ataima m'mbali mwa njira.